Theka la nthochi, mchere ndi spiriti: DNA ndi nkhani za ana m'mabanja mwathu

Wophunzira wa Fomu 4 mu Mzuzu muno akhoza kulemba bwinobwino pa mayeso a MSCE kuti DNA ndi imene imasunga malangizo a chibadwa cha zamoyo, koma mukamufunsa ngati anaionapo, amangoloza chithunzi cha choko pa bolodi. Zimenezi n'zodandaulitsa, chifukwa kuona DNA sikufuna labu ya ku yunivesite. Theka la nthochi yakupsa yogula pa msika wa Zigwagwa, mchere, sopo ndi spiriti zikukwanira, ndipo spiriti akakhala wozizira kale, ntchito yonse siidutsa mphindi 30. Munthu amene waikokapo DNA ndi kamtengo m'dzanja lake savutikanso kumvetsa nkhani zikuluzikulu zomwe zimagwedeza mabanja kuno: chifukwa chake banja lina limabereka ana aakazi okhaokha, kumene chialubino chimachokera, ndi chimene chimachititsa kuti makolo athanzi abereke mwana wa sickle cell.

Kutulutsa DNA mu nthochi

Yambani ndi spiriti. Afunika wamphamvu, wa 90% kapena kuposa apo, wopezeka ku famase. Wa 70% amagwirako ntchito koma zotsatira zake zimakhala zochepa. Ikani botolo lake mufiriji, mbali youndana madzi, kwa maola awiri. Saundana. Magetsi akazima, kwirirani botololo mu ndowa ya madzi oundana owaza mchere. Kuzizira kwa Mzuzu kwa mu June pakokha sikukwanira.

Mu kapu thirani madzi oyera mamililita 100, theka la supuni yaing'ono ya mchere, ndi masupuni aang'ono awiri a sopo wamadzi wotsukira mbale. Takasani pang'onopang'ono mpaka mchere usungunuke, osachititsa thovu. Tengani theka la nthochi yakupsa kwambiri, ija yoyamba mawanga akuda, pafupifupi magalamu 50, muike m'jumbo lolimba n'kuifinya ndi zala kwa mphindi zitatu mpaka isakhalenso ndi zibuluma. Thiranimo theka la madzi a sopo aja, finyaninso mofatsa kwa mphindi imodzi, ndipo muzisiye zikhale mphindi 10. Amene ali ndi choyezera kutentha akhoza kuviika jumbolo m'madzi a madigiri 60 pa mphindi 10 zimenezi, kenako n'kuliziziritsa m'madzi ozizira. Wopanda choyezera asayerekeze, chifukwa madzi owira amawononga DNA.

Sefani ndi kansalu koyera kopyapyala. Lolani madziwo adonthe okha, musafinye nsaluyo. Thirani masupuni aang'ono awiri a madzi osefedwawo mu katambula kagalasi kopapatiza. Tsopano pendekani katambulako n'kutsetsereza spiriti wozizira uja m'mbali mwa galasi, masupuni aang'ono anayi, kuti akhale pamwamba osasakanikirana ndi zapansi. Ikani pansi, osagwedeza. Pakatha mphindi zitatu kapena zisanu, pamalire a madzi ndi spiriti pamayamba kutuluka zinthu zoyera, zonanda, zaulusiulusi, zokwera m'mwamba zitakola timathovu. Lowetsani kamtengo kotokosera m'mano n'kukazunguza mbali imodzi. Zimene zikukulungika pa kamtengoko ndi DNA ya maselo mamiliyoni ambiri a nthochi.

Chilichonse mwathira chija chili ndi ntchito yake. Kufinya kumaphwanya makoma olimba a maselo a chomera. Khungu la selo, ndi la nyukiliyasi mmene DNA imakhala, ndi lopangidwa ndi mafuta, ndiye sopo amalisungunula. DNA ili ndi mphamvu ya magetsi ya negetivu m'mbali mwake monse, kotero tizingwe take timakankhana. Sodium wa mu mchere amafooketsa mphamvuyo kuti tizingweto tiyandikane. Pomaliza, DNA imasungunuka m'madzi koma osati mu spiriti, choncho ikakumana ndi spiriti pali mchere imaundana n'kuoneka. Kuzizira kumachedwetsa ma enzyme a mu nthochi momwemo amene amadula DNA selo likangophwanyika.

Zikakanika, chifukwa chake sichisowa. Thovu lambiri limatanthauza kuti munatakasa mwamphamvu, ndipo DNA yaduka tizidutswa tosakulungika. Madzi onse akachita mbuu popanda malire ooneka, munathira spiriti mwachiwawa. Osefedwa akakhala phala, nsalu munaifinya kapena nthochi inali yosapsa bwino. Kachasu musayese n'komwe: madzi ake ndi ambiri ndipo mphamvu yake siidziwika. Methylated spirit wapepo uja amagwira ntchito, koma muli methanol amene amachititsa khungu ngakhale kupha munthu akamwa, ndipo spiriti aliyense amayaka msanga, ndiye mbaula ndi kandulo zikhale kutali. Aphunzitsi auzenso ana chilungamo: zoyerazo si DNA yokhayokha. Mwasakanikirana RNA, mapuloteni ndi pectin wa chipatso. Kuiyeretsa kumafuna mankhwala ena.

Amene akufuna kuona DNA yakeyake achukuche mkamwa kwa mphindi imodzi ndi masupuni aang'ono awiri a madzi a mchere, alavulire mu tambula, adonthezemo sopo pang'ono, n'kuthira spiriti monga poyamba. Imatuluka yochepa, koma imaoneka.

Chimene mwakokacho n'chiyani

Woyamba kutulutsa chinthu chimenechi anali Friedrich Miescher, mu 1869, ku Tübingen m'dziko la Germany. Anachitenga m'mafinya a pa mabandeji a odwala, koma sanadziwe ntchito yake. Kwa zaka zambiri akatswiri ankaganiza kuti chibadwa chimayenda m'mapuloteni. Mu 1944 Oswald Avery ndi anzake ku New York anasonyeza kuti DNA yochotsedwa mu mtundu wina wa mabakiteriya imasintha chibadwa cha mtundu wina. Mu 1953 James Watson ndi Francis Crick ku Cambridge anafotokoza kapangidwe kake, atathandizidwa kwambiri ndi zithunzi za X-ray za mu labu ya Rosalind Franklin ku King's College, London.

DNA ndi zingwe ziwiri zopotana. Pa chingwe chilichonse pandandalika timagawo ta mitundu inayi yokha, timene timalembedwa ndi zilembo A, T, G ndi C. A wa pa chingwe china amagwirana ndi T wa pa chinzake, G amagwirana ndi C, ndipo lamuloli silisintha. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya kutengera. Selo likafuna kugawikana, zingwe ziwirizo zimamasukana, ndipo chilichonse chimamangirira chinzake chatsopano motsatira lamulo lomwelo. Chingwe chokhala ndi ATGC sichingalandire china koma TACG. Ma enzyme ena amatsatira pambuyo kukonza zolakwika, moti chotsala chimakhala pafupifupi chilembo chimodzi cholakwika pa zilembo biliyoni imodzi.

Selo limawerenga zilembozi zitatuzitatu. Zitatu zilizonse zimaimira amino acid mmodzi mwa 20 amene amalumikizidwa kupanga puloteni. Chigawo cha DNA chonyamula malangizo a puloteni imodzi ndi chimene chimatchedwa jini. Munthu ali ndi majini otere pafupifupi 20,000, omwazikana m'zilembo zoposa mabiliyoni atatu, zimene Human Genome Project inamaliza kuwerenga mbali yake yaikulu mu 2003. Mukatenga anthu awiri alionse, wa ku Chitipa ndi wa ku Nsanje, kapena wa ku Mzimba ndi wa ku Tokyo, zilembo zawo zimafanana pafupifupi 99.9%.

DNA ya m'selo limodzi la munthu itatambasulidwa ingatalike mamita awiri, pomwe nyukiliyasi imene imaisunga siifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a milimita. Imakwanamo chifukwa imakulungidwa pa timapuloteni totchedwa histone, monga mmene atelala a ku Taifa Market amakulungira ulusi wautali pa kabobini kuti usasokonekere, ndipo zokulungazo zimapindidwanso kambirimbiri. Chingwe chimodzi cha DNA chokulungidwa choncho ndiye kromozomu.

Makromozomu amaoneka pa maikulosikopu pokhapokha selo likamagawikana, pamene amafupika n'kunenepa. Sukulu yokhala ndi maikulosikopu yokuza ka 400 ikhoza kuwaona mu anyezi. Khazikani anyezi pakamwa pa tambula ya madzi, tsinde lake lokha likhudze madziwo, kwa masiku atatu kapena anayi mpaka mizu itatalika masentimita awiri. Dulani nsonga, muziviike mphindi zisanu mu hydrochloric acid wa 1 M wofunditsidwa kufika madigiri 60, tsukani ndi madzi, kenako tengani mamilimita awiri okha a kumapeto kwenikweni, chifukwa maselo ogawikana ali kumeneko. Donthezani utoto wa acetic orcein kapena toluidine blue, vundikirani ndi kagalasi n'kudinikiza ndi chala molunjika pansi. Mukapotoza chala, maselo amakwerana ndipo simuona kanthu. Ntchitoyi ndi yovuta kuposa mmene imamvekera: mpaka 1956 mabuku ankaphunzitsa kuti munthu ali ndi makromozomu 48, kufikira Joe Hin Tjio ndi Albert Levan ku Lund, m'dziko la Sweden, atawerenga bwino n'kupeza 46.

Anyezi ali ndi 16, chimanga 20, khofi wa arabica wolimidwa ku Misuku ndi m'mapiri a Viphya 44, ng'ombe ndi mbuzi 60, nkhuku 78. Kuchuluka kwake sikusonyeza nzeru kapena ukulu wa chamoyo. Chofunika n'chakuti makromozomu amakhala awiriawiri, imodzi yochokera kwa kholo lachimuna, inayo kwa lachikazi.

Nthochi imene mwafinya ija ndi yosiyana. Nthochi zambiri zimene timadya zili ndi makromozomu 33, magulu atatu a 11. Atatu sagawika pakati mofanana, ndiye chomeracho chimalephera kupanga mbewu zabwino, ndipo timadontho takuda ta pakati pa chipatso ndi njere zimene zinalephera kukula. Nthochi zakutchire za makromozomu 22 zimadzaza njere zolimba. Popeza palibe njere, mlimi amabzala mphukira, ndipo mphukira ili ndi DNA yofanana ndendende ndi ya mayi wake. Munda wonse, nthawi zina mudzi wonse, umakhala chomera chimodzi chobwerezedwa. Nthenda imene yagonjetsa phata limodzi siipeza lina lolimbako. Umo ndi mmene chisaka chinasakazira nthochi ku Nkhata Bay ndi ku Thyolo. Kachilombo kake, komwe nakonso chibadwa chake ndi DNA, kamafalitsidwa ndi nsabwe za nthochi ndiponso mphukira zochokera pa phata lodwala, ngakhale mphukirayo ikuoneka yabwinobwino. Mankhwala ake palibe. Phata lodwala lizulidwe lonse, ndipo zobzala zichokere kumene zinayezedwa, osati kwa mnansi chifukwa choti n'zaulere. Chimanga cha haibulidi nacho chili ndi phunziro lake: mbewu ya m'paketi ndi ana oyamba a makolo awiri osankhidwa, onse ofanana, koma mukabzala zokolola zake makromozomu amasakanikirananso mwachisawawa, munda umatuluka wosiyanasiyana ndipo zokolola zimatsika.

Theka la bambo, theka la mayi

Dzira la mayi ndi mbewu ya bambo sizinyamula makromozomu 46. Chilichonse chimanyamula 23, imodzi kuchokera pa awiri alionse, ndipo zikakumana mwana amakhala ndi 46. Kuti pa awiri alionse ipite iti, zimangochitika mwamwayi. Kusankha kumeneku kokha kumapatsa kholo limodzi njira 8,388,608 zosiyana zopangira dzira kapena mbewu, ndipo makromozomu awiri ofananawo amasinthananso zidutswa asanapatukane. N'chifukwa chake ana a mimba imodzi amasiyana, wina woyera, wina wakuda, wina kutengera agogo amene anamwalira kalekale. Khungu ndi msinkhu zimalamulidwa ndi majini ambiri nthawi imodzi. Nkhope ya mwana si umboni woti mayi anayenda njira zina, ndipo ankhoswe amene amaweruza nkhani poyang'ana mphuno ndi makutu akuweruza popanda umboni.

Pa magulu 23 aja, lomaliza ndi limene limasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Mkazi ali ndi X awiri. Mwamuna ali ndi X ndi Y. Choncho dzira lililonse la mayi limanyamula X, palibenso china chimene lingapereke. Mbewu za bambo ndi zimene zili mitundu iwiri: theka zonyamula X, theka zonyamula Y. Ikafika ya X, mwana ndi wamkazi. Ikafika ya Y, jini ina ya pa Y yotchedwa SRY, imene inapezeka mu 1990, imayamba kugwira ntchito patatha milungu 6 kapena 7, ndipo thupi limatenga njira yachimuna.

Kuno kumpoto, kumene ana amatsata mtundu wa bambo ndipo malowolo amaperekedwa, mayi wobereka ana aakazi okhaokha amamva mawu owawa kuchokera kwa apongozi ndi alamu, ndipo nthawi zina amabweretseredwa mkazi mnzake. Kumeneko n'kumulakwira. Mayiyo alibe Y woti apereke kapena kumana. Bambo nayenso sasankha mbewu imene ifike. Mimba iliyonse mwayi umakhala pafupifupi theka ndi theka, ndipo mimba yapitayo siikhudza yotsatira. Pa mabanja 16 a ana anayi, tiyembekezere kuti limodzi likhala ndi aakazi okhaokha ndipo lina aamuna okhaokha, popanda wolodza kapena wolakwa. Palibe chakudya, mankhwala azitsamba kapena kagonedwe kamene kanatsimikizidwa kuti kamasintha zimenezi, ndipo wogulitsa mankhwala otero akungodya ndalama za anthu.

Nthawi zina makromozomu awiri amalephera kupatukana pamene dzira kapena mbewu ikupangidwa. Mwana akalandira kromozomu nambala 21 itatu m'malo mwa iwiri, amakhala ndi 47 ndipo amabadwa ndi Down syndrome, zimene zinadziwika ku Paris mu 1959. Zimachitika kwambiri mayi akamakula, chifukwa mazira ake anapangidwa iye asanabadwe ndipo akhala akudikira zaka zonsezo: pa zaka 40 mwayi wake ndi pafupifupi mimba imodzi pa 100, pomwe pa zaka 25 sufika imodzi pa 1,000. Komabe atsikana nawonso amabereka ana otere, ndipo palibe chimene mayi anadya kapena kuchita chimene chinayambitsa. Pafupifupi theka la ana amenewa amabadwa ndi vuto la mtima, ndiye mwanayo apimidwe mtima msanga, osadikira kuti ayambe kubanika.

Kholo lathanzi, mwana wodwala

Popeza makromozomu ali awiriawiri, munthu ali ndi makope awiri a pafupifupi jini iliyonse. Kope imodzi ikawonongeka, nthawi zambiri inayo imagwira ntchito yonse ndipo munthuyo sadziwa kanthu. Vuto limaoneka mwana akalandira makope owonongeka kuchokera mbali zonse ziwiri.

Sickle cell ndi chitsanzo chomveka bwino. Pa kromozomu nambala 11 pali jini yotchedwa HBB, yopanga mbali ina ya hemoglobin, puloteni yonyamula mpweya m'magazi. Pamalo amodzi pamene payenera kulembedwa GAG pamakhala GTG. Chilembo chimodzi chokha, ndipo amino acid wa nambala 6 amasintha. Hemoglobin woteroyo, wotchedwa S, amaundana mpweya ukachepa, maselo ofiira amapindika n'kuuma, amatseka timitsempha, ndipo amafa pakatha masiku 10 mpaka 20 m'malo mwa 120. Wokhala ndi S mmodzi ndi A wabwino mmodzi, amene amalembedwa AS, sadwala nthendayi. Mu 1954 Anthony Allison, atafufuza kum'mawa kwa Africa, anasonyeza kuti anthu a AS amatetezekako ku malungo aakulu, n'chifukwa chake jini imeneyi yachuluka kumene malungo akhala akupha ana kwa mibadwo yambiri.

Bambo wa AS ndi mayi wa AS akatenga mimba, mwayi woti mwana akhale SS, wodwala, ndi umodzi pa inayi. Woti akhale AS ndi iwiri pa inayi. Woti akhale AA ndi umodzi pa inayi. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Amaganiza kuti woyamba akabadwa wodwala, atatu otsatira apulumuka. Ayi. Mimba iliyonse imayambiranso. Kuti ophunzira kapena makolo aone okha, ikani nyemba 50 zoyera ndi 50 zofiira m'thumba limodzi, chimodzimodzinso m'thumba lina. Thumba lina ndi bambo, lina ndi mayi; nyemba yofiira ndi S, yoyera ndi A. Tolani imodzi mbali iliyonse osayang'ana, lembani, bwezeranimo, ndipo bwerezani ka 100. Zofiira ziwiri zidzatuluka pafupifupi ka 25, koma mudzaona kuti nthawi zina zimabwera katatu motsatizana, nthawi zina sizioneka ka 10.

Mwana wa SS amabadwa wooneka bwino chifukwa amakhala akugwiritsabe ntchito hemoglobin wa m'mimba. Zizindikiro zimayamba chakumiyezi 6: kutupa manja ndi mapazi mopweteka, maso achikasu, kuchepa magazi kobwerezabwereza, kulira kosatonthozeka. Mwana wothiridwa magazi kawiri kapena katatu asangolembedwa kuti ndi malungo, ayezedwe. Poyezapo pali misampha iwiri. Kuyeza kofala kongoona ngati maselo akupindika sikusiyanitsa AS ndi SS. Pamafunika haemoglobin electrophoresis kapena tizipangizo toyezera msanga tosiyanitsa mitunduyi. Ndipo mwana amene wathiridwa magazi m'miyezi itatu yapitayi akhoza kuoneka ngati AS chifukwa cha magazi a wopereka uja, ndiye auzeni adokotala tsiku limene anathiridwa. Akapezeka nayo, penicillin wa tsiku ndi tsiku adakali wamng'ono, folic acid, katemera, kugona mu neti ndi hydroxyurea pamene adokotala alemba zimachepetsa kwambiri imfa ndi ululu. Kuzizira ndi ludzu zimadzutsa ululu, ndiye mu June ndi July, Mzuzu akachita chifunga m'mawa, mwana wotere avale juzi ndi masokosi popita kusukulu ndipo anyamule botolo la madzi. Akatentha thupi, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Chialubino chimayenda njira yomweyi. Mtundu wofala kwambiri kuno kum'mwera kwa Sahara umachokera ku jini yotchedwa OCA2, pa kromozomu nambala 15, imene imathandiza kupanga melanin, utoto wa khungu, tsitsi ndi maso. Makolo onse awiri akhoza kukhala akuda bii koma aliyense atanyamula kope imodzi yosagwira ntchito. Mwana wachialubino ndi umboni woti jiniyo ilipo mbali zonse ziwiri, ya bambo ndi ya mayi. Bambo amene amathawa banja ponena kuti kwawo kulibe zotere akuthawa magazi ake omwe. Mafupa, tsitsi ndi ziwalo za munthu wachialubino zili ndi DNA yofanana ndi ya wina aliyense kupatula pa jini ya utoto ija, mulibe chizimba chilichonse, ndipo anthu amene aphedwa m'dziko muno chifukwa cha bodza limeneli anafera zinthu zomwe kulibe. Mdani weniweni wa khungu lopanda melanin ndi dzuwa, limene limawononga DNA ya maselo a khungu mpaka kuyambitsa khansa. Mitambo ya Mzuzu siitchinga cheza chonse cha dzuwa. Chipewa cha khonde lalikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza a SPF 30 kapena kuposa n'zofunika tsiku lililonse, kachilonda kosapola kaonetsedwe kuchipatala msanga, ndipo m'kalasi mwanayo akhale kutsogolo chifukwa maso ake saona bwino patali. Nzeru zake sizikhudzidwa. Overstone Kondowe anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo mu 2021, woyamba wachialubino m'dziko muno.

Kumene DNA ikugwira kale ntchito m'zipatala zathu

HIV siyenda m'makromozomu a makolo. Mwana amaitenga ngati kachilombo, ali m'mimba, pobadwa kapena poyamwa, n'chifukwa chake imapewedwa. Koma kuyeza khanda kumadalira DNA. Kuyeza wamba kwa pachala kumafufuza ma antibody, amene thupi limapanga polimbana ndi kachilombo, ndipo khanda limasunga a mayi ake mpaka miyezi 18, ndiye likhoza kuoneka ngati lili ndi kachilombo pomwe lilibe. Choncho pa milungu 6 khanda la mayi amene ali ndi HIV limayezedwa ndi PCR, njira imene Kary Mullis anaitulukira mu 1983. Makina amatenthetsa DNA kuti zingwe zimasukane, amaziziritsa kuti zikopedwe, n'kubwereza. Ulendo uliwonse kuchuluka kumawirikiza kawiri, moti pakatha maulendo 30 kachidutswa kamodzi kasanduka pafupifupi biliyoni, ndipo chibadwa cha kachilombo chimaoneka ngati chilipo. Magazi a pachidendene amadonthezedwa pa kakhadi kapadera. Zolakwika zambiri zimachitikira pamenepa: dontho losadzaza bwalo lake, kudontheza kawiri pamalo amodzi, kugwira bwalolo ndi chala, kapena kulongedza khadi lisanaume. Liume maola osachepera atatu, pamthunzi, litagona chafulati, ndipo lilowe m'kathumba kake pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi. Nyengo ya mvula ya kuno, khadi lonyowa limachita nkhungu ndipo mayi amayenera kubweranso ndi mwana.

Makina a GeneXpert oyezera TB amagwiritsa ntchito PCR yomweyo. M'maola osapitirira awiri amapeza DNA ya kachilombo ka TB m'makhololo, n'kuonanso ngati jini yake yotchedwa rpoB yasintha, zimene zimasonyeza kuti mankhwala a TB otchedwa rifampicin sagwira ntchito. Wodwala apereke makhololo ochokera pansi pa chifuwa, osati malovu, apo ayi makinawo akhoza kunena kuti mulibe kanthu pomwe nthenda ilipo.

Pa nkhani yofuna kudziwa bambo wa mwana, labu imayerekeza malo 15 kapena kuposa pa makromozomu, malo amene kutalika kwa DNA kumasiyana munthu ndi munthu. Pamalo alionse mwana ali ndi makope awiri. Imodzi iyenera kupezeka mwa mayi, inayo mwa bambo. Sipafunika magazi, kathonje kopukuta mkati mwa tsaya kakukwanira, bola munthuyo asadye kapena kuyamwa kwa mphindi 30 asanapukutidwe ndipo kathonjeko kaume kasanaikidwe mu envelopu ya pepala. Gulu la magazi silingalowe m'malo mwa kuyeza kumeneku. Likhoza kusonyeza kuti mwamuna wina si bambo, monga pamene mayi ndi mwamunayo onse ndi a gulu O koma mwana ndi wa gulu A, koma silingatsimikize kuti ndi iyeyo, chifukwa amuna ambirimbiri mu Mzuzu muno ali ndi gulu lofanana. Ndipo ngati nkhaniyo ikupita kukhoti, zoyezazo zitengedwe ndi wachipatala pamaso pa mboni, aliyense atasonyeza chiphaso chake, chifukwa zotengera kunyumba mwamseri mbali inayo ikhoza kuzikana mosavuta.